NYUMBA YA KAMPANI NJOBWEREKA: Kodi Ana Athu a ku Thyolo Adzamanga Pati?

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, chiperoni chitakuta minda yonse ya tiyi, tinaima m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Thyolo kupita ku Makwasa kudikira galimoto. Tili chiimire, panadutsa thirakitala ya pa esiteti ikukoka ngolo yodzaza ndi katundu wa m'nyumba: bedi, mipando iwiri, mtondo ndi munsi wake, miphika, mphasa zokulunga, ndi chitatanga cha nkhuku pamwamba. Pakati pa katunduyo panakhala bambo wina wa imvi amene tinawazindikira msanga, pakuti ana awo onse anayi anadutsa m'manja mwathu kusukulu. Bambowa anayamba ntchito ali mnyamata wothyola tiyi, nadzapuma ali kapitawo, patapita zaka zoposa 30. M'mawa umenewo anali atangobweza makiyi a nyumba ku ofesi.

Thirakitala itaima pa mphambano tinawayandikira ndi kuwalonjera. "Nanga ulendowu ngwakuti, bambo?" Iwo anaseka pang'ono, nati, "Kwa alamu anga, aphunzitsi. Andibwereka kachipinda kuti ndiyambe ndatsamira pamenepo, mpaka ndione pogwira."

Sitinawayankhe kanthu kanzeru, chifukwa nafenso tinali ndi makiyi m'thumba, a nyumba ya sukulu, ndipo tsiku lakudza lakuti tidzawabweze kwa a komiti. Mphunzitsi, namwino, wapolisi, ngakhale abusa amene, tonsefe timagona m'nyumba zimene zimatha tsiku limene ntchito yatha. Koma nkhani ya kuno ku Thyolo ili ndi kulemera kwake kwina. Mnzathu wa ku Kasungu kapena ku Mzimba akapuma ntchito amadziwa kumene kuli tsala la makolo ake, ndipo kawirikawiri amakapeza pomanga. Wa kuno akatuluka pa geti la esiteti amakapeza mudzi utadzaza kale, mabanja atatu akugawana munda umene agogo ankalima okha.

Mmene malo anapitira

Ana a sukulu akatifunsa chifukwa chake tiyi ali pamalo a bwino, pomwe midzi yapanikizana m'matsitso ndi m'mphepete mwa mitsinje, timawayankha ndi mbiri, ndipo tiyenera kuvomereza kuti mbiriyo imayambira pakhomo pathu. Mbewu ya tiyi inayamba kuyesedwa m'munda wa Mishoni ya Blantyre, ndipo kuchokera kumeneko Henry Brown anakaibzala ku Mulanje mu 1891. Kuno ku Thyolo tiyi anayamba kulimidwa mu 1908 pa Bandanga. Satemwa inatsegulidwa mu 1923 ndi Maclean Kay, ndipo m'zaka zomwezo ndi zotsatira anakula maesiteti ena amene maina awo ana athu amawadziwa koposa maina a mafumu: Naming'omba, Conforzi, Makwasa, Nchima.

Koma malowo anali atapita kale tiyi asanafike. Kuyambira mu 1892 bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Ku Thyolo gawo lalikulu linadzakhala m'manja mwa British Central Africa Company. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Mawuwo anali abwino papepala, koma sanateteze anthu amene anafika pambuyo pake, ndiwo makolo a ambiri a ife, Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Iwowa analandiridwa pa maesiteti ngati alendo, napatsidwa pomanga kanyumba ndi polima, malipiro ake nkukhala ntchito. Imeneyo ndiyo thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anansi anasanduka dzina la goli.

Mkwiyo wa anthu unaphulika mu Ogasiti 1953, poyambira pa nkhani ya malalanje pa esiteti ya Mangunda, ndipo m'chipolowe chimene chinafalikira m'maboma a kumwera anthu 11 anataya miyoyo. Boma la atsamunda linali litayamba kale kugula malo ena kwa makampani potsatira lipoti la Sidney Abrahams la mu 1946, ndipo lamulo la mu 1962 linathetsa thangata. Komabe malo a tiyi enieniwo anatsala mmene analili, ndipo ufulu wa mu 1964 sunasunthe malire ake.

Tanena zakalezi pofuna kuti awerengi aone kuti nyumba ya kampani ili ndi kholo lake. Kale munthu ankalipira pogona ndi thukuta lake mokakamizidwa. Lero amalandira malipiro, ali ndi bungwe lomuyankhulira, ndipo mu 2016 eni maesiteti kudzera mu Tea Association of Malawi anasainirana koyamba pangano la malipiro ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU. Kusintha kumeneku nkwenikweni ndipo sitikuchepetsa. Chimene sichinasinthe nchakuti denga ndi ntchito nzomangidwa ndi chingwe chimodzi. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Banja likhoza kukhala zaka 30 m'nyumba imodzi, ana nkubadwiramo, mapeyala amene linabzala pakhomo nkubereka, koma likadali mame.

Dziko limodzi, mapanikizidwe osiyana

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 721,456 m'boma la Thyolo. Pa sikweya kilomita imodzi panali anthu oposa 400, pamene dziko lonse likawerengedwa pamodzi panali anthu 186. Chigawo cha kumwera chinali ndi 244, chapakati 211, ndipo chakumpoto 84. Ku Rumphi anali pafupifupi 50 okha. Tsono kumbukirani kuti powerengera chiwerengero cha Thyolo anaphatikizamo minda yonse ya tiyi, ya makadamiya ndi nkhalango za bulugamu za makampani, kumene sikukhala midzi. Mukachotsa malo amenewo ndi pamene mungamvetse chifukwa chake kwathu kuno chimbudzi cha banja lina chimayang'anizana ndi khitchini ya banja lina, ndi chifukwa chake milandu yambiri ya kwa nyakwawa imakhala ya malire, nthawi zina ya mzere umodzi wa chinangwa.

Ntchito nazo zili ndi kumene zinapita. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, maofesi a boma, akazembe ndi mabungwe anatsatira, ndipo fodya wa m'chigawo chapakati anakoka ndalama zake. Blantyre inatsala ndi mafakitale ndi malonda. Thyolo inatsala ndi tiyi, amene amafuna manja ambiri nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, nawachotsa ambiri a iwo m'chilimwe. Munthu wolembedwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi pa chaka sangathe kulonjeza banki iliyonse kuti adzabweza ngongole mwezi ndi mwezi. Motero mwana wathu akakhoza mayeso amachoka, ndipo akalephera amatsala ndi dengu kumsana. Kumene kuli malo kulibe ntchito, kumene kuli ntchito kulibe malo, ndipo kuno kwathu zonse ziwiri nzoperewera.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamangira anthu nyumba popanda kugwadira aliyense, ndicho nthochi. Amene anayenda ku Masambanjati, ku Molere ndi ku Thekerani m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira malole akutsika ndi mikoko kupita ku Limbe, ndipo nyumba zambiri za malata za kumeneko zinatuluka m'nthochi zimenezo. Matenda a chisaka atafika anapululutsa minda yonse, kufikira pakuti misika ya m'tauni inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Alangizi akhala akugawa mbewu yatsopano ndipo ena ayambiranso, koma pali mbadwo wathunthu wa anyamata umene unakula wopanda njira imeneyi yopezera malata.

Masamu a mnyamata wofuna kumanga

Tsiku lina madzulo kunafika kwathu mnyamata amene tinamuphunzitsa Sitandade 7, tsopano akugwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Anabwera ndi nkhani ya ukwati, koma titangokhala pansi nkhani inasanduka ya nyumba. Anatulutsa kope la masamu, natiwonetsa zimene analemba: njerwa, mchenga, simenti, mitengo ya denga, malata, misomali, mafelemu, zitseko, mmisiri. Tinaona kuti kuwonkhetsa tinamuphunzitsa bwino. Chimene chinamubweretsa nchakuti nthawi iliyonse akasunga ndalama zokwana chinthu chimodzi, mtengo wake umakhala utathawa.

Sanali kunama. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44. Malata, misomali, utoto ndi zina zambiri zomangira zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo za kunja, choncho mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi, ndipo m'chaka chomwecho thumba limodzi la simenti linadutsa K20,000. Kunena kwina, munthu wolandira malipiro amenewo akanati asadye, asagule sopo, asapereke kanthu kwa amayi ake, akanabwera kunyumba ndi matumba anayi. Njerwa zowotcha nazo, zimene kale mnyamata ankaumba yekha ndi anzake pa dambo, zakwera chifukwa cha nkhuni. Phiri la Thyolo limene tili ana linali nkhalango yakuda bii lero ndi minda, ndipo nkhuni zotenthera uvuni nzogula.

Nanga ngongole ya nyumba? Makolo athu amene ankagwira ntchito m'boma ankadziwa New Building Society, imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndi cholinga chobwereketsa ndalama zomangira ndi kugulira nyumba, ndipo mu 2004 inasanduka banki monga ena onse. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Wobwereka K10 miliyoni pa mlingo wotere ayenera kupeza ndalama zoposa K200,000 mwezi uliwonse zongolipira chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Kuwonjezera apo banki imafuna chikalata cha umwini wa malo, chimene malo a kumudzi alibe. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linatsegula njira yakuti banja lilembetse malo ake, koma ntchito yolembetsayo yayenda pang'onopang'ono, ndipo wopanda malo alibe choti alembetse. Zotsala ndi banki mkhonde, chipereganyu ndi katapila. Ziwiri zoyambazo zagulira anthu ambiri malata, ndipo timaziyamikira. Chachitatucho chalanda anthu malata omwewo.

Tinamufunsa mnyamatayo kuti akufuna kumanga pati. Apa ndi pamene anaweramitsa mutu. "Kwao kwa mkazi malo alipo pang'ono, aphunzitsi, kuseri kwa nyumba ya apongozi. Koma anzanga akundiseka. Akuti ukamanga ya malata kuchikamwini wamangira mwamuna mnzako."

Mawu amenewa tawamva kambirimbiri, ndipo sitiyenera kuwanyoza. Mwambo wathu, wa Alomwe ndi Amang'anja omwe, ngwakuti mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo malo amayenda m'mbumba ya akazi. Pamene nyumba inali ya mitengo, dothi ndi udzu, mkamwini akachotsedwa ankasiya ntchito ya mwezi umodzi, natenga bulangete lake nkumapita. Lero akasiya nyumba ya njerwa wasiya thukuta la zaka 10. Nchifukwa chake anyamata ambiri amalimbikira kugula puloti pa malo a pakati, pa Luchenza, pa Bvumbwe, pa Thunga kapena pa Goliati, pamene sipali kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Koma kumeneko nkumene mitengo yakwera koposa. Pa Goliati, sukulu ya ukachenjede ya MUST itatsegulidwa pa Ndata mu 2014, eni malo anazindikira msanga kuti chipinda chobwereketsa kwa wophunzira chimabala koposa mzere wa nandolo. Pa Bvumbwe anthu ogwira ntchito ku Limbe ndi ku Blantyre ndiwo akugula, chifukwa mtunda ngwaufupi, ndipo wothyola tiyi sangapikisane ndi munthu wa malipiro a m'tauni.

Ife maganizo athu pa nkhani ya chikamwiniyi ndi akuti mantha a anyamatawa ali ndi mankhwala ake, ndipo ali m'manja mwa ankhoswe. Pa chinkhoswe timataya nthawi yambiri pa nkhuku ndi malichero, koma sitifunsa funso limene lidzavute pambuyo pake: nyumba imene awiriwa adzamange idzakhala ya yani ukwati ukadzatha, kapena mmodzi akadzatsogola? Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma pamudzi lamulo limafika mochedwa, malata atadenguliridwa kale. Mawu ogwirizana pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ndi a mfumu, olembedwa ndi kusungidwa, angalimbitse mtima mnyamata kuti amange pamene malo alipo.

Amene anachoka

Njira ina ndiyo kuchoka, ndipo anthu a kuno aiyesa m'mitundu yake yonse. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, ndi thandizo la World Bank, linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja pafupifupi 15,000 a m'maboma a Thyolo, Mulanje, Machinga ndi Mangochi, kenaka Balaka ndi Ntcheu, anathandizidwa kugula malo, banja lililonse pafupifupi mahekitala awiri, ndi ndalama zokwana madola 1,050 zogulira malowo ndi kuyambira moyo watsopano. A kuno ambiri anapita ku Mangochi ndi ku Machinga, pa maesiteti akale a fodya. Ena a mumpingo mwathu anapita nawo, ndipo tinawalembera makalata osamukira. Alipo amene anakhazikika, nakolola chimanga chimene kuno sanachionepo, namanga nyumba zawozawo. Aliponso amene anabwerera patapita zaka ziwiri kapena zitatu, akudandaula za kutentha, malungo, kutalika kwa chipatala ndi madzi, ndi kusamvana ndi eni dera. Mayi wina anatiuza kuti chimene chinamubweza ndi maliro: anaona kuti akadzafa adzaikidwa pakati pa anthu osamudziwa.

Ena anakana kuchoka nafuna malo a kuno komwe. Bungwe la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linafika polengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha, ndipo mu 2016 anthu ake analowa m'malo a esiteti ya Conforzi ndi makasu, nkhani nkuthera kukhoti. Ambiri m'tauni anaseka. Ife sitinagwirizane nayo njira imeneyo, komanso sitinaseke, chifukwa ena mwa anthu amene ananyamula makasuwo timawadziwa, ndipo si amisala. Ndi anthu amene ana awo akwatira ndipo alibe powaloza kuti amange.

Ochuluka koposa amangokwera minibasi kupita ku Limbe. Malawi Housing Corporation, imene inayamba mu 1964, kale inkagawa mapuloti m'madera monga Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, kumene munthu wa malipiro ochepa ankaloledwa kumanga nyumba monga mwa mphamvu zake. Mapuloti oterowo anatha kalekale, ndipo mzinda unapitirira kukula. Wobwera lero amachita lendi chipinda chimodzi, ndipo akafuna pake amagula kwa mfumu ya m'tauni pamene patsala, ndiye kuti m'phiri kapena m'khwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatiwonetsa mtengo weniweni wa mapuloti otsika mtengowo, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Mwa maliro amene anabwera kuno kumudzi masiku amenewo munali ana athu amene anapita kutauni kukafuna malo amene kwao kunalibe.

Za ku Joni sitinenapo zambiri. Agogo athu ankapita ndi Wenela nabwera ndi njinga ndi malata, ndipo adzukulu awo akupita pa basi, ambiri opanda mapepala okwanira. Nyumba zokongola zimene mumaziona m'midzi ya ku Mangochi ndi ku Mzimba zambiri nza ndalama za kumeneko, ndipo kuno nazonso zayamba kuoneka. Koma timaonanso nyumba zimene zinaima pa windo zaka zisanu zapitazo, udzu utamera m'zipinda, mwini wake osamveka.

Chimene tikupempha

Boma linayesa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo kuyambira mu 2014, ndipo ena anapindula, koma inathandiza amene anali kale ndi pomanga. Vuto la wantchito wa pa esiteti limayambira pansi, pa dothi. Chiyambire lamulo la penshoni la mu 2011, wolemba ntchito amaika 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100 ya malipiro ake, ndipo ichi nchabwino. Koma ndalama zimene wothyola tiyi amalandira popuma zimafika pamene mphamvu zoumba njerwa zatha ndi mtengo wa puloti utapita kutali.

Tikadakhala ndi mpando pamene eni maesiteti ndi a bungwe la antchito amakambirana, tikadapempha kuti pambali pa malipiro a tsiku akambenso za mapuloti. Esiteti iliyonse ili ndi malo a m'mphepete, oyandikana ndi midzi, amene sabzalapo tiyi. Wantchito amene wakwanitsa zaka 10 atapatsidwa mwayi wogula kachigawo kokwana nyumba, khitchini ndi chimbudzi, nadulidwa pang'onopang'ono pa malipiro, akhoza kumanga akadali ndi mphamvu, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, monga mmene Amalawi amamangira. Makampani amanga zipatala, sukulu ndi mijigo m'midzi yozungulira, ndipo tikuthokoza. Ichi chingawadyere ndalama zochepa kuposa zimenezo. Mipingo nayo ili ndi malo, ena ongomera tchire, ndipo tisanaloze chala makampani tiyenera kufunsa m'mabwalo athu kuti alonda, aphunzitsi ndi alaliki athu akapuma amapita kuti.

Mnyamata uja anakwatira mwezi wa Okutobala. Ankhoswe anakhala pansi, nagwirizana, ndipo mfumu inasaina. Anaumba njerwa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, koma sanaziotche chifukwa nkhuni zinamukanika, ndiye wazifunditsa pulasitiki kudikira chilimwe. Malata wagula 11, ali pansi pa bedi m'nyumba ya kampani, ndipo mmisiri wamuuza kuti afunika 24. Bambo aja a pa thirakitala tinakumana nawo pa msika wa Bvumbwe akugulitsa mbande za mapeyala. Akadali kwa alamu awo.